Dzina Lomwe Linalibe Manda

Mwana wanga woyamba sanafike potchedwa dzina. Anatisiya mchombo usanagwe, tikadali m'chikuta, ndipo anakamuika amayi akuluakulu okhaokha, ine osaloledwa ngakhale kulira mokweza. Ndiye pamene wachiwiriyu anabadwa pachipatala cha ku Mitundu, mwamuna, ine mtima sunali m'malo. Akagona ndinkayang'ana kamimba kake ngati kakukwera ndi kutsika. Ndinkamuika chala pamphuno. Ndikapita kukasamba ndinkabwerako sopo ali m'makutu.

Mchombo unagwa, anamumeta, tinatuluka m'chikuta, bambo ake anamutcha Chisomo. Ndinakondwa, chifukwa ndinati uyu ndiye wakhala munthu, ali ndi pomuitanira. Koma dzinalo kwathu kuno ndi la aliyense. Tsiku la sikelo akangoitana kuti amake Chisomo, timadzuka benchi lonse, ena ana aamuna, ena aakazi, n'kumayang'anana. Ine zimenezo sizinkandivuta. Ndinkati bola abisale pakati pa anzake, imfa ikabwera isadziwe kuti wanga ndi uti.

Kenako anayamba kulira.

Sikunali kulira kwa njala kapena kwa thewera lonyowa, kumeneko ndimakudziwa. Uku ankapinda miyendo, nkhope n'kuda, kukamwa kuli yasa, mpaka mawu kutha koma iye akulirabe. Ndikamupatsa bere ankagwira pang'ono n'kulilavula ngati lawawa. Ndinathamangira naye kuchipatala. Anesi anamuyeza malungo, palibe. Anamugwira pamimba, anamuyang'ana m'kamwa, anandiuza mwaulemu kuti ana ena amatero, m'mimba mukamapota, zimatha zokha, ndipitirize kuyamwitsa ndipo ndibwerenso akatentha thupi. Ndinabwerera, koma m'njira monse dzanja langa linali paliwombo pake, ndipo ndinkaona ngati liwombolo likulowa. Timikono tija tinayamba kuchepa, khungu la m'ntchafu kuchita makwinya. Ndinali nditaonapo kale mwana akuchepa chonchi. Ndinkadziwa kumene zimathera.

Amayi anga anamuyang'ana tsiku lina m'mawa akusenda chinangwa pakhonde, n'kunena kuti, “Mwanayu sakudwala. Akulirira dzina.”

Kwathu zimadziwika. Munthu amene anamwalira akafuna kuti dzina lake libwerere pakhomo, amakhala pa mwana wakhanda, mwanayo n'kumalira mpaka akulu atatchula dzina loyenera. Ndiye amayi anasamba m'manja, anamunyamula, n'kuyamba kumulankhula ngati munthu wamkulu. Amatchula dzina n'kunena kuti, “Ngati ndinu, tontholani.” Anatchula atate awo, atsibweni awo, achimwene awo amene anagwa pangolo, mpaka ena amene ine sindinawamvepo. Mwana ali kulira. Anayambiranso. Ali kulira.

“Kwathu kuno ndawatha,” anatero amayi. “Ife timangoti mwana ndi wa kuchikazi, koma magazi ndi awiri. Pitani kuchimuna.”

Amuna anga kwawo ndi ku Nathenje, ndipo ndi munthu wa kwaya. Anakanda m'mutu. “Nanga abusa akamva?”

“Akamva mudzawauze kuti ndine,” ndinatero, nsalu ndamanga kale.

Tinakwera minibasi mpaka pamphambano, kenako ina yolowera ku Dedza, mwana akulira njira yonse, anthu akutembenuka. Mayi wina anati, “Muyamwitseni mwanayo, inu,” ngati kuti ine sindikufuna. Ndinangoyang'ana pawindo, misozi ili chuchuchu.

Makolo a amuna anga anamwalira kale. Wamkulu amene watsala ndi azakhali awo, mlongo wa bambo awo, amene amagulitsa tomato ndi anyezi m'mbali mwa msewu pa Nathenje. Ndi mayi wamtali, wa mawu aakulu, woseka ndi aliyense. Atationa anaimirira, manja m'chiuno.

“Apongozi, mwandibweretsera mwana kapena wailesi?”

Koma atamuvundukula n'kuona timikono tija, kuseka kunatha. Ndinagwada n'kufotokoza. Sanafunse zambiri. Anakhala pa chidebe chovundikira, anamuika mwana pamiyendo, anatsinzina.

“Ine sindisokoneza,” anatero. “Ndimawatchula mmene anagonera. Ndiyambira pamkuyu, polowera.”

Ndipo ndinaona kuti mayiyo akuyenda kumanda a kwawo ali chikhalire. Mutu unkatembenuka pang'onopang'ono, chala chikuloza pansi, mtumbira ndi mtumbira. Amatchula dzina, n'kudikira. “Ngati ndinu, tontholani.” Amasuntha chala. Bambo wina anaimitsa njinga n'kufunsa za tomato, iwo osatsegula maso anati, “Dikirani, achimwene, ndili kumanda.” Bamboyo anatiyang'ana, anakwera njinga yake n'kumapita.

Mzere woyamba unatha. Wachiwiri. Anafika kwa apongozi anga aamuna, bambo a amuna anga, ine ndinkati ndi amenewa basi. Mwana anakuwa kuposa kale. Chala chija chinafika kumapeto, chinaima m'malere, kenako chinagwera pa chitenje.

“Manda atha,” anatero azakhali.

Sindidziwa mmene ndingafotokozere. Magalimoto ankadutsa, dzuwa lili pamutu, anthu akugula mandasi, ine ndikuona amayi akuluakulu aja akubweranso ndi kansalu kokulungira mtembo. Ndinakhala pansi pafumbi pomwepo.

Kumbuyo kwa benchi la azakhali kuli kagolosale. Mwini wake ndi bambo wokalamba, Msilamu, wa ndevu zoyera ndi kachipewa koyera, ndipo nthawi yonseyi anali pakhonde pake akutiyang'ana. Anatsokomola.

“Achemwali, atha bwanji, m'bale wathu simunamutchule?”

“M'bale wanu kwathu?” anatero azakhali. “Inu a kumzikiti, munalowa liti m'manda mwathu?”

“M'manda mwanumo mulibemo. N'chifukwa chake mwamudumpha. Bambo anu analibe mkulu wawo?”

Azakhali anatsegula pakamwa, n'kugwirapo ndi dzanja. “Atate aakulu a ku Joni.”

Anali mkulu wa bambo a azakhali, wobadwa kwa mayi wina, amene anapita kumigodi azakhaliwo asanabadwe ndipo sanabwerenso. Kalata ayi, mtembo ayi. Pakhomo ankangoti aja anatchona, mpaka ana anakula osadziwa kuti munthuyo ankaitanidwa ndani. Ndiye powerenga mitumbira akanapezeka pati?

Bambo wokalambayo anatsika pakhonde pang'onopang'ono, atagwira mzati, n'kukhala pa benchi. Anati nkhaniyi anaimva kwa agogo ake aakazi. Kalekale, msewu uno usanakhale wa tala, mayi wina wa m'mudzi wa amuna anga anamwalira pobereka, mwana n'kutsala wamoyo. Chinali chaka cha njala, azimayi mabere atauma. Bambo wa mwanayo anamukulunga m'nsanza n'kuyamba kuyenda khomo ndi khomo, ndipo paliponse ankanena mawu amodzi okha: ndilerereni. Anthu ankalira naye, koma analibe chomupatsa. Anayenda mpaka anafika kwa alendo amene anali atangomanga kumene pafupi ndi njira, ogulitsa mchere ndi nsalu, anthu a chilankhulo china ndi chipembedzo china. Mayi wa pamenepo anali ndi khanda lake. Chichewa sankachimva bwino. Anangoona mwana, anatambasula manja, n'kumuika kubere linalo.

“Khanda lakelo ndiye bambo anga,” anatero mkuluyo. “Agogo ankaganiza kuti mawu amene bambo uja ankabwerezawo ndi dzina la mwana. Atawauza tanthauzo anati, basi, likhale lomwelo, chifukwa ndi limene anabwera nalo. Kwathu ana oyamwa bere limodzi ndi pachibale, sakwatirana, samanana kanthu. Mwana woleredwayo ine ndinamuona ndili kamnyamata, tsiku limene ankapita ku Joni. Anandinyamula paphewa mpaka pokwerera. Bambo anga anamwalira akumufunsabe.”

Mwana anali akulirabe, koma mawu atasasa, kongotsala kamphepo.

“Ndiye muitaneni ndinu,” anatero azakhali.

“Ayi. Ife tinangoyamwitsa. Oitana ndinu eni magazi.”

Azakhali anapukuta manja pa chitenje. Mayi woseka uja anatsika pa chidebe n'kugwada pafumbi, pakati pa msika, mwana ali m'manja. Amuna anga, a kwaya aja, anavula chipewa.

“A Ndilerereni,” anatero azakhali. “Atate. Ngati ndinu, tontholani. Tinakuiwalani, tikhululukireni. Kuno ndi ku Nathenje. Mwafika.”

Sindinama kuti anangoti zii ngati wazimitsa wailesi. Analiranso kamodzi, kenako anachita ntchirintchiri ngati mwana amene walira nthawi yaitali, kachifuwa kakudumpha. Lole yaikulu inadutsa, benchi linagwedezeka, tomato mmodzi anagubuduzika. Phokoso litatha ndinazindikira kuti ndikumva nkhuku, ndikumva munthu akupopa njinga kutsidya kwa msewu. Mwana anali atatsegula maso. Ankayang'ana ndevu zoyera zija.

Kenako anatembenuza mutu, kukamwa kukufunafuna.

Azakhali anandipatsa. Anandithandiza kumasula bulauzi, ndinamuika mwana kubere. Anagwira. Ndinadikira kuti alavule. Sanalavule. Anakoka, anakokanso, ndipo ndinamva kakhosi kake kakumeza, gudyu, gudyu, mpaka bere linalo linayamba kudontha lokha n'kunyowetsa nsalu. Mkulu uja milomo inkagwedera, akupemphera m'chinenero chawo, amuna anga nawonso m'chathu. Mwana anayamwa mpaka anagona, mkaka uli pakamwa, kadzanja katagwira chala changa.

Nditapitanso kusikelo anesi aja anamuika pa sikelo n'kumwetulira. “Mwaona, mayi? Ndinakuuzani kuti zimatha zokha.” Ndinawathokoza, ndipo sindikutsutsa, iwo anaphunzira, ine sukulu ndinalekezera ku pulayimale. Koma ine ndinalipo pa Nathenje.

Kuyambira tsiku lija mwana wanga ndi Ndilerereni. Dzinali sindinalimvepo pa munthu wina. Ndafunsa kusikelo, kutchalitchi, m'minibasi, amuna anga anafufuzanso pa foni, palibe. Mwina m'dziko lonse lino analipo mmodzi yekha, ndipo tsopano alipo mmodzi yekha. Poyamba zinkandiopsa, chifukwa kobisala kuja kunatha: akaitana amake Ndilerereni ndimadzuka ndekha, benchi lonse likundiyang'ana. Koma tsiku loyamba lomwelo mayi wina kumbuyo anayankha mokweza kuti, “Tikulererani, mayi!” Anthu anaseka, wina anatambasula manja kuti amunyamule, wina anandigwirira thumba. Mpaka lero zimatero. Aliyense amene watchula dzina la mwana wanga wapempha, ndipo pamapezeka woyankha.

Pano akuyenda, amathamangitsa nkhuku za amayi. Akagona chala pamphuno ndimamuikabe, sindinasiye. Tikapita ku Nathenje azakhali amamupatsa tomato kuti aziluma, koma iye amafuna kugolosale. Mkulu uja akamuona akubwera, dang'adang'a pafumbi, amagwira mzati, amaimirira ndi mawondo ake ovutawo, n'kuweramira kamwana kosavala nsapato.

“Mwabwera, bambo aakulu? Ku Joni kuli bwanji?”