Ulendo wachiwiri kwa Esita

Ndinanyamuka ku Chilomoni cha m'ma seveni, Lachiwiri, mafomu ali m'chikwama. Inali nthawi ija matipate atangobwera, aliyense m'minibasi akulankhula zakukhosi. Ine ndinkaphunzira ntchito yosamalira anthu, ndipo tinkafufuza za achinyamata ovutika maganizo, aja amangokhala ndwii, osadya, osaseka.

Ndinkabwerera kwa Esita, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu wa ku Bangwe, yemwe anasiya sukulu mayi ake atamwalira. Ulendo woyamba, sabata ziwiri m'mbuyomo, ndinamufunsa mafunso amalume ake ali pampando pomwepo. Mlendo ungamuchotse bwanji mwininyumba pakhonde pake? Esita anagwada, maso pansi. "Umagona bwino? Umalira?" Iye anangoti, "Ndili bwino." Ndinalemba pafomu. Koma yankho lakelo linandisowetsa mtendere. Tsiku limeneli ndinati ndimutenge tikagule chinangwa pamsika, ticheze awiri.

Makwacha atatu anandifikitsa m'tauni, ena atatu ku Limbe. Kumeneko minibasi ya ku Bangwe inatenga ola lathunthu kuti idzaze, kondakitala akulumbira kuti kwatsala munthu mmodzi yekha. Ndinakukuta chimanga chootcha podikira. Mayi wina wa dengu la bonya anasuzumira mapepala anga.

"Achemwali, ndinu a chipani?"

"Ayi mayi, tikufufuza za ana ovutika maganizo."

"Mwana aganiza chiyani? Lendi amalipira ndi iyeyo?"

Minibasi yonse inafa nazo kuseka. Nanenso ndinaseka, ndipo mpaka lero ndimachita nazo manyazi.

Ndinatsika ku Bangwe dzuwa litakwera, nkuyamba kukwera kamsewu kafumbi kaja. Patsogolo panga bambo wina anatsika panjinga, navula chipewa. Pamsewu anali atayalapo masamba. Ndinadzilimbitsa mtima kuti Bangwe ndi yaikulu, ndipo masiku amenewo maliro anali a tsiku ndi tsiku. Koma mabenchi a ku tchalitchi anali pakhonde lomwe lija, amayi akuimba m'nyumba.

Amalume aja anandizindikira, nabwera kudzandipatsa moni ndi manja awiri.

"Mwatipeza pamavuto, amayi. Mwana uja wadzichotsera moyo dzulo." Anapukuta nkhope ndi chipewa. "Ife sitikumvetsa. Nanunso munalipo, anakuuzani yekha kuti ali bwino. Si munalemba?"

Sankandinena ayi. Ankafuna ndiwathandize kudabwa. Ndinangolowa m'nyumba nkukhala pamphasa ndi amayi anzanga, chikwama chili pamiyendo.

Pobwerera sindikumbuka kuti ndinalipira zingati. Chiyambire tsiku limenelo ndimawapempha akuluakulu kuti atipatse mpata ine ndi mwana, kaya andiyese wamwano. Kwa Esita nzeru imeneyi inabwera mochedwa. Fomu yake sindinakaipereke. Ndikadali nayo, ndipo pamzere wachitatu pali dzanja langa: ali bwino.