Mawaya a amalume ku mtsinje

Mwaswera bwanji nonse kumudziko.

Lero ndinapita ku Nathenje kukaona makina a kuntchito kwathu aja oyeza liwiro la madzi, amene tinamiza mumtsinje. Kwa masabata atatu akhala akuonetsa kuti masana aliwonse mtsinje ukuthamanga ngati wasefukira, chonsecho mvula sinayambe n'komwe.

Makinawa ali ndi mawaya awiri opita ku kabokosi kolemba manambala kamene kali kumtunda. Wina amatumiza mphamvu ya magetsi yosonyeza liwiro, winayo yosonyeza kuchuluka kwa matope.

Nditatsatira chingwe chimene muli mawayawo ndinapeza pomanga. Amalume anga, a Yohane, amene ndinawapezera ntchito ya ulonda pamalopo, anachidula ndi khasu akulambula, osauza munthu. Analumikiza okha, koma anasemphanitsa mawaya aja. Ndiye ng'ombe zikabwera kudzamwa masana n'kuvundula madzi, kabokosi kamalemba kuti mtsinje wathamanga.

Koma kamangidwe kake! Pepala la shuga mkati, mphira ya njinga pamwamba, ngakhale dontho silinalowe. Nditawafunsa anangoti, "Mphwanga, ine mawailesi ndinayamba kukonza nthawi ya referendamu. Waya ndi waya basi."

Vuto ndi lakuti manambalawo ndinatumiza kale ku ofesi, ndipo ndi amene akuwatsatira pogawa madzi othirira m'madimba. Mawa ndiyenera kulemba chimene chinachitika. Ndikalemba zoona, ulonda wa amalume wathera pomwepo. Ndikati ndinalakwitsa ndine, kalata yochenjeza ibwera kwa ine.

Amayi, awa ndi alongo anu. Ndilembe dzina la ndani?