Masiku khumi ndi limodzi m'chipinda cha nkhwangwa

Anabwera Lachinayi m'mawa, tsiku lotsatira Lachitatu la Phulusa, m'chaka chachiwiri cha matipate. Ndinali m'chigafa ndikusoka fodya. Nditamva odi ndinatuluka, ndipo ndinapeza apolisi awiri ataima pafupi ndi nkhokwe, wina wamtali, wina wachikulire wa imvi. Galimoto anaisiya kutsidya kwa mtsinje chifukwa cha matope.

"Ndinu wapampando wa komiti ya phiri?" anafunsa wamtaliyo.

"Ndine."

"Akukufunani ku ofesi. Timafunso pang'ono chabe, mubwerako lero lomwe."

Ndinapempha kuti ndiyambe ndasamba, poti m'manja munali utomoni wa fodya. Iye anati ndikasamba komweko. Utomoniwo unakhala m'manja mwanga masiku anayi.

Sinditchula dzina la munthu, la mudzi kapena la polisiyo. Ambiri akadali moyo, ndipo ena timagwada nawo pa benchi limodzi kutchalitchi.

Phiri lathu lili kumalire a Dowa ndi Ntchisi. Muli masuku, bowa, ndi kasupe amene midzi inayi imatungako madzi. Matipate atabwera, anthu ena anamva kuti ufulu ndiye kuti aliyense alowe ndi nkhwangwa yake, ndipo m'miyezi yowerengeka kumunsi kwa phiri kunayera. Midzi inayi ija inagwirizana kuti phiri lisungidwe ndi komiti ya anthu khumi, osalandira kanthu. Amuna onse anakana upampando chifukwa aliyense anali ndi m'bale wake wootcha makala. Anasankha ine. Mlembi wathu anali mphunzitsi wopuma ntchito, mkulu wa mpingo kutchalitchi kwawo, munthu wodwala mphumu amene sankaphonya msonkhano. Tinkalambula malire kuti moto usalowe, tinkabzala mbande, ndipo tikapeza munthu akudula tinkamulanda nkhwangwa n'kukaipereka kupolisi.

Kenako kunabwera mwini esiteti wina wodziwana ndi akuluakulu a ndale. Anabwera ndi anthu oyeza malo, nakhoma zikhomo za simenti kuzungulira mbali yonse ya kumadzulo mpaka pa kasupe. Ife tinazizula n'kuzisanja bwinobwino m'mbali mwa msewu. Zimenezo sindikana. Chimodzi ndinachisenza ndekha pamutu.

M'galimoto ndinapeza aPhunzitsi atakhala kale, atavala jekete ndi tayi, chipewa chili pamaondo. "Mwadzuka bwanji, aTcheya?" anatero, ngati tikupita ku msonkhano wa komiti.

Polisiyo inali yaing'ono, ndipo chitokosi chinali chimodzi, cha amuna. Pakauntala aPhunzitsi anawavula nsapato, lamba ndi tayi, n'kuwalandanso mankhwala a mphumu amene anali m'thumba la jekete. Ine anandilowetsa m'chipinda chosungiramo katundu wolandidwa. Munali njinga ziwiri zopanda matayala, zigubu za kachasu, ndi mulu wa nkhwangwa pakona. Maso atazolowera mdima ndinazizindikira. Iliyonse inali ndi kapepala komangirira kumpini, kolembedwa ndi dzanja la aPhunzitsi. Zinali zomwe tinalanda ife.

Lachisanu anandiitana kwa mkulu wa polisiyo. Anandipatsa mpando.

"Musaope, amayi. Zomenya anthu zinapita ndi boma lakale. Pano ndi demokalase."

Anandikankhira pepala. Ndinaliwerenga pang'onopang'ono chifukwa sukulu ndinalekezera sitandade sikisi. Linkanena kuti komiti, m'malo mwa midzi inayi, yavomera kupereka mbali ya kumadzulo kwa phiri.

"Sainani apa, mlandu wa zikhomo uthere pompano."

"Bwana, phiri si langa. Ndingapereke bwanji chinthu cha anthu?"

"Nanga pozula zikhomo linali lanu?"

Ndinati ngati ndalakwa anditengere kukhoti. Anayankha kuti galimoto ilibe mafuta. Yankho limenelo ndinalimva tsiku lililonse.

Sanandimenye. Ndiyenera kulemba zimenezo kuti ndisanamizire munthu. Loweruka masana wamtali uja analowa n'kunditengera chitenje ndi mpango, akuti akaidi amadzimangirira nazo. Kenako anati ayenera kundisecha. Wapolisi wamkazi panalibe. Anatseka chitseko, ndipo anatenga nthawi yaitali. Zimenezo ndizisiyira pamenepo.

Lamulungu bambo a kunyumba anabwera ndi mbatata zophika ndi kasopo. Anawalola kuima pazenera mphindi zochepa. Sindinawauze za dzulo lake.

"Fodya akupsera m'munda," anatero. "Ana akufunsa. Sainani, mayi. Mitengo ija sikudziwani inu."

Ndinawauza kuti akaitane achemwali anga awathandize kuthyola. Anachoka osatsanzika, koma Lachiwiri anabweranso.

Pakati pa chipinda changa ndi chitokosi cha amuna panali khoma limodzi la njerwa. M'chitokosimo munali anthu khumi ndi anayi, ndi kazenera kamodzi. Dzuwa likafika paliwombo malata ankatentha, ndipo pamenepo ndi pamene aPhunzitsi ankayamba kutsokomola. Chifuwa chikaleka pankatsala kaphokoso ka mpweya wovuta kutuluka, ngati mluzu. Ndinkakhala pa thumba langa n'kumamvetsera, osatha kuchita kanthu. Zikawachepera ankagogoda khoma kawiri. Inenso ndinkagogoda kawiri ndi mpini wa nkhwangwa. Sitinapangane, zinangoyamba zokha.

Lachitatu, tsiku lachisanu ndi chiwiri, wamtali uja anabwera ndi wilibala n'kuyamba kutulutsa nkhwangwa zonse. Ndinamufunsa kumene akupita nazo.

"Eni ake akuzifuna. Apeza ganyu kuphiri."

Apo ndinadziwa kuti kudula kwayamba, ine ndisanasaine chilichonse. Pepala ankalifuna kuti likangokhala mu faelo, tsiku lina wina akadzafunsa. Chipinda chinatsala chopanda kanthu, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndinkagogoda khoma ndi chibakera.

Lachisanu lachiwiri masana aPhunzitsi anatsokomola nthawi yaitali kuposa masiku onse. Atasiya ndinadikira. Ndinagogoda kawiri. Ndinagogodanso. Kenako amuna a m'chitokosi anayamba kumenya chitseko ndi kukuwa kuti, "Mdala akufa kuno! Tsegulani!" Ndinamva wachikulire wa imvi uja akuyankha ndi mawu otsika kuti makiyi a galimoto ali ndi bwana, ndipo bwana wachoka. Anatsegula chitseko pang'ono kuti mphepo ilowe, iye n'kukhala pakhomopo ndi mfuti pamiyendo mpaka dzuwa linapendeka. Zoposa pamenepo sanachite.

Loweruka m'mawa mkulu uja anandiitananso. Pepala lija linali patebulo, cholembera chili pamwamba pake.

"Mafuta apezeka, amayi. Galimoto ikhoza kupita ndi mdala uja kuchipatala cha mishoni ku Madisi. Dalaivala ali panja. Akudikira inu."

Ndinafunsa ngati aPhunzitsi akupuma. Anati akupuma, pakadali pano.

Sindinaganize nthawi yaitali monga anthu amaganizira. Ndinatenga cholembera. Chinakana kulemba. Mkuluyo anachitenga, nachigwedeza, nachiyesa pachikhatho chake, n'kundibwezera mwaulemu. Ndinalemba dzina langa lonse. Mzere wa mlembi unatsala wopanda kanthu, mkuluyo anati wanga ndi wokwanira.

Ndinaima pakhonde pamene ankatulutsa aPhunzitsi. Akaidi anzawo awiri anawanyamula m'khwapa, mapazi opanda nsapato akukwekwereka pa simenti. Maso anali otseka. Sanandione.

Ine ananditulutsa mawa lake, Lamulungu, tsiku la khumi ndi limodzi. Kukhoti sindinapiteko, ndipo palibe pepala limene anandipatsa losonyeza kuti ndinakhalako kumeneko. Wachikulire uja ndiye anandibwezera chitenje ndi mpango, atazipinda bwino. Anandiperekeza mpaka pamsewu.

"Pepani, amayi," anatero. "Madzi a phiri lija ifenso timamwa omwewo."

Ndinayenda wapansi. Nditafika pamtunda poonekera kwathu, mbali ya kumadzulo inali kale ndi zigamba zofiira, ndipo ngakhale linali Lamulungu, nkhwangwa zinkamveka. Odulawo sanali alendo. Anali ana a midzi yathu yomwe, ena ndinawanyamulapo kumbuyo ali makanda.

Patapita sabata ndinapita ku Madisi kukaona aPhunzitsi. Anali atawonda, koma ankatha kuyankhula. Akazi awo anatuluka kuti atipatse malo.

"Munasaina, aTcheya?"

"Ndinasaina, aPhunzitsi."

Anayang'ana kudenga.

"Ndikanakhala ine sindikanasaina," anatero. Anapuma kangapo. "Ndipo mukanakhala wodwalayo ndinu, mukanafera m'menemo. Ndakhala ndikuganiza zimenezo pabedi pano. Sindikudziwa kuti wabwino ndi ndani mwa ife awiri."

Kenako anandifunsa ngati mbande za ku nazale zikuthiriridwa. Anamwalira m'chipatala momwemo, sabata ya Lamulungu la Kanjedza.

Maliro atatha ndinaitanitsa msonkhano wa midzi inayi. Ndinaimirira n'kunena zonse zimene ndinachita, kuti ndinapereka chinthu chimene sichinali changa, ndipo ndinapempha kuti asankhe wina. Anthu anaweramitsa mitu. Pomaliza mayi wina anafunsa kuti, "Winayo ndi ndani amene akufuna kukagona kumene munagonako?" Palibe anakweza dzanja. Ndinakhalabe wapampando zaka zina zisanu ndi chimodzi. Mbali ya kum'mawa tinaisunga, ndipo ilipo mpaka lero. Kumadzulo analimako fodya zaka zingapo, nthaka itakokoloka mwini esiteti anakusiya. Kasupe masiku ano amaphwa chilimwe chikafika pakati, ndipo amayi amakatunga kudambo, ulendo wautali.

Pa riferendamu ine ndinavotera nyali, chizindikiro cha matipate, ndipo sindinong'oneza bondo. Ufulu ulipo ndithu. Kale zimene ndalembazi sindikanazilemba, ndipo mwina sindikanatulukamo konse. Koma ufulu umene ndinalandira pakhomo la polisi lija sindinauzolowere. Palibe khoti limene linandipeza wolakwa, palibenso limene linandipeza wosalakwa. Mpaka pano munthu akatsokomola kuseri kwa khoma, ngakhale kutchalitchi, ndimasiya chimene ndikuchita n'kudikira.

Akazi a aPhunzitsi akadali moyo, ndi okalamba kwambiri. Tikakumana amandigwira manja onse awiri n'kundithokoza kuti amuna awo anafera pabedi, pa nsalu yoyera, ana awo ali pambali, osati pa simenti pakati pa anthu osawadziwa. Miyezi ya dzuwa, amayi ochokera kudambo amadutsa pakhomo panga ndi ndowa pamutu, thukuta lili chuchuchu, ndipo ena a iwo sandipatsa moni. Ndimawapatsa ine. Akapanda kuyankha sindiwadandaula, chifukwa madzi amene asenzawo ndikudziwa kumene anayenera kuwatunga.