Wani Twente pa Maliro a Amuna Anga

Amuna anga ankaliza lipenga lalikulu lija la besi mu bandi ya ku holo ya m'komboni mwathu ku Chamboli, masiku a Chitaganya. Ntchito yawo inali ya pansi pa mgodi, ndipo chifuwa chimene anachitenga kumeneko ndicho chinawapha. Ine ndinali woyambitsa nyimbo pakati pa amayi a chigwirizano. Mawu anga ndi aakulu, otsika, ndipo sindinapepesepo kwa munthu chifukwa cha mawuwo.

M'mawa wa tsiku loika maliro kunabwera mkulu wa bandi. Tinkangowatchula a Sajeni, Mbemba wamtali amene anamenyako nkhondo kutsidya kwa nyanja, usilikali n'kuwakanirira m'miyendo. Anagwada pakhomo, chipewa m'manja.

"Mwalosheni mukwai," anatero, kupepesa m'chinenero chawo. Kenaka anatulutsa kabokosi kamtengo kokhala ndi kachitsulo kogwedera, n'kukaika pamphasa. Kanayamba: ta, ta, ta, ta.

"Amayi, tiwaperekeza ndi machi, nyimbo yogubira imene ankaikonda. Anailemba Azungu, ya mazeze ndi zitoliro, ine ndinaikonza kuti ikwane malipenga. Liwiro lake ndi ili, mapazi wani twente pa mphindi. Ithera pa kiyi ya bi fulati. Lipenga likagwira mawu omalizawo, amayi anu a chigwirizano ayambire pomwepo nyimbo yawo, zilumikizane popanda msoko."

Anang'ung'udza mawu omalizawo, ine n'kuwayesa chapansipansi. Kalanga ine, anali kudenga! Ndikanalira ngati nkhuku yopotoledwa khosi.

"A Sajeni, pamenepo sitifikapo. Ndipo liwiro limenelo ndi la maliro kapena tikuthawa moto?"

"Ndi mmene inalembedwera, amayi. Komanso anyamatawa alowa shifiti thu koloko."

Apongozi anga aakazi ananditsina pantchafu. Namfedwa sakangana, sayambitsa nyimbo, amangoweramitsa mutu n'kumalira. Ndinaweramitsa mutu, koma sindinavomere.

Tinanyamuka dzuwa lili pamutu. Bandi patsogolo, bokosi pamapewa a amuna sikisi, ine pambuyo pake atandigwira amayi awiri. Ng'oma yaikulu itangoti gu! gu! anthu onse anayamba kukokedwa. Wani twente si masewera, abale. Onyamula bokosi ankachita ngati akuthamangira basi, bokosilo likudumphadumpha. Apongozi anga, a miyendo yotupa, anatsalira kutali, mpango uli m'manja. Ana a m'komboni ankatitsatira akuguba n'kumaseka, poganiza kuti ndi chionetsero.

Munthu amene anatsokomola zaka zitatu, wosatha kuyenda kuchoka pabedi kufika pakhomo osapumira, lero amuthamangitse chonchi? Mkwiyo unandikwera mpaka m'makutu. Ndinaima pakati pa msewu.

"Tiyeni, amayi, tiyeni," anatero amene anandigwira kumanja.

"Ndisiyeni!"

Ndinakoka mpweya, n'kuyambitsa nyimbo yathu ya maliro. Sindinadikire lipenga la munthu. Ndinaiyamba pamene pakhosi panga pamakhala, pansi, mwapang'onopang'ono, phazi limodzi, kupuma, phazi lina. Amayi a chigwirizano anayang'anana kaye. Kenaka mmodzi anandilandira, wina, mpaka onse makumi angapo.

Chisokonezo chake! Malipenga kumwamba, ife pansi. Iwo akuthamanga, ife tikukwawa. Zinkapweteka m'mano. Onyamula bokosi anasowa wotsata, mapazi n'kuyamba kupondana, ndipo anasankha ife chifukwa mapewa anali atawawa. Woyimba ng'oma anacheuka, n'kuona mayi ake omubala ali pakati pathu akuimba. Dzanja lake linafooka lokha.

A Sajeni anabwerera m'mbuyo, ndodo yawo ili m'mwamba, maso ali psu.

"Amayi, mukuwononga nyimbo!"

Paja ife a kum'mawa ndi Abemba tili pa chimbuya, timatukwanana ngakhale pamaliro popanda mlandu. Tsiku limenelo ndinachigwiritsa ntchito chimbuyacho mpaka kuchitha.

"Inu odya anyani, kathamangitseni anyani anu kuthengo! Awa ndi amuna anga. Anakulizirani lipenga zaka zonsezi pa liwiro lanu. Lero ayenda pa langa."

Ine ndinabwerera m'nyimbo, osawayang'ananso. A Sajeni anaima pomwepo, ndodo ikutsika pang'onopang'ono. Ndinawaona akupendeketsa mutu, khutu kwa ife. Anali munthu wa nyimbo ndithu, ngakhale anali wouma mutu. Mwadzidzidzi anatembenukira kwa anyamata awo.

"Ali pa efu! Efu ndi bi fulati ndi pachibale. Tsikirani ku efu, muwatsate! Ng'oma, theka la liwiro!"

Malipenga anafufuza, wina kuphonya, wina kupeza, mpaka onse anakhala pansi pa mawu athu ngati mphasa. Sindinamvepo bandi ija ikulira bwino chotero. Apongozi anga anatipeza, n'kundigwira dzanja.

Tinafika kumanda mochedwa kwambiri. Anyamata a bandi anaphonya shifiti, ndipo ndinamva kuti anakalipiridwa koopsa. Akulu a mpingo anandiitana sabata yotsatira, ati namfedwa wachita zosayenera pamsewu. Ndinawauza kuti akafuna andichotse pa uyambitsi, koma kupepesa ayi. Mpaka lero sindinapepese.

Anthu a ku Chamboli anaikamba nkhaniyi zaka zambiri, ati mayi uja anagonjetsa msilikali. Ndinkawasiya azitero. Koma zoona zake, a Sajeni ndinalibe nawo kanthu, ngakhale kiyi yawoyo. Kuchoka pakhomo pathu kufika kumanda ndi mtunda waufupi, ndipo umenewo ndiwo unali ulendo wotsiriza woyenda ine ndi amuna anga. Sindinkafuna kuti tifike.