Tiswichi ta Limbani pa Waya wa Geti

Ndine Gamaliyele, wosamalira maluwa ku Area 43, wa zaka makumi asanu ndi awiri. Limbani mwana wanga, lero chakwana chaka chimwalirire iwe, ndipo geti lamagetsi la kwa abwana anga lafanso. Paja tsiku lija geti ndi alamu zitasiya kumvana, abwana anati ndadula waya ndi khasu. Iwe unabwera n'kuika tiswichi pa waya umodzi wolumikiza zonse uja. Unkatseka chigawo chimodzichimodzi, osapupuluma. Utatseka cha kugalaja, zotsalazo zinadzuka. Unati, "Bambo, kumaluwa kwanu kulibe mlandu." Ntchito yanga inapulumuka choncho.

Lero abwana akuyang'ananso khasu langa. Tiswichi tako ndikutiona, koma poyambira sindipadziwa, mwanawe. Inu amene munkakonza zamagetsi ndi Limbani ku Old Town, chonde ndilembereni abwana asanandichotse ntchito.