Ulemu wosaoneka pa foni

Lachiwiri lapitali mwana wanga Tisungane anatsala pang'ono kulandidwa malo ake m'sewero loimba la ana a Sande sukulu, ndipo mpaka lero sindikudziwa woti ndimuloze chala.

Sewerolo ndi la mtsikana wosochera kumunda wa thonje, ndipo mtsikanayo ndi Tisu. Aphunzitsi awo, Mayi Sakala, anawasamutsira ku Chipata, koma sanafune kuwasiya ana m'malere. Amawaphunzitsa pa vidiyo. Timatsamiritsa foni yanga pawindo la tchalitchi kuno ku Katete, ana n'kuima kutsogolo kwake.

Tsikulo anandiitana kuti ndiyandikire.

"Amake Tisu, mwana wanu mawu ali nawo, koma amathawa. Ndikangomutchula dzina kuti ndimukonze, basi wasowa, nditsala nikamba ndi khoma. Akachitanso Loweruka, nizapatsa wina."

Kuthawa? Ine ndimakhala pabenchi yakumbuyo, ndipo sindinamuonepo akutuluka. Ndinanamizira netiweki. Tinazimitsa foni, kuyatsanso, ine n'kuima pambali pake.

"Tisungane!" anaitana Mayi Sakala.

Mwana uja pansi, wagwada, manja pamodzi, nkhope yawerama. Foni ili pawindo, ikuona khoma lokha.

Ndinaitenga n'kuiweramitsa. Mayi Sakala anamuona ali pansi. Kenako: "Mayo ine! Nthawi yonseyi nikalipira mwana ali chogwada?"

Anapepesa, n'kumuuza kuti aziima ndi kuyang'ana m'kamera momwemo. Tisu anaima. Posakhalitsa analowa a Banda, mkulu wa mpingo, kudzatenga makiyi.

"Mwana wa ndani uyu, woyankha aphunzitsi ali chiimire, maso ali tong'o?"

Wanga, bambo. Ndinachita manyazi, koma musandifunse kuti manyazi a chiyani.

Kugwadako ndinamuphunzitsa ndine, poti m'mera mpoyamba. Foni ndinabweretsanso ndine. Tonse timafuna ana athu aphunzire kwa anthu akutali, ndipo tonse timafuna akhale amwambo. Koma ndani anakhalapo pansi n'kuwauza ana kuti wamkulu akakhala m'kagalasi ulemu wake umaperekedwa bwanji? Agogo akaimba foni kuchokera ku Vubwi, mdzukulu agwade? Nanga akagona chagada pamphasa, foni ili m'mwamba, wawanyoza?

Ena akuti tingoika foniyo pansi. Tinayesa. Mayi Sakala anaona mawondo ndi mapazi a kwaya yonse ikuvina.

Malo ake sanamulande. Koma pobwerera kunyumba Tisu sanaimbe m'njira. Titafika pamsewu waukulu anandigwira chitenje.

"Amayi, nikagwada a Madamu saniona, nikaima a Banda akuti nilibe mwambo. Loweruka nikachite ziti?"

Ndinamuyankha kuti tiona, yankho la kholo lomwe mutu waima.

Loweruka ndi mawa, abale. Inu mukanamuuza chiyani?