Minibasi ya Achemwali Inkamwa Madzi

Ngati munaonongapo chinthu cha munthu amene anakulerani, khalani pansi, nkhani iyi ndi yanu.

Tsiku limene minibasi inawira pakati pa msewu, m'katimo munali ana asukulu. Nthunzi inatuluka kuboneti ngati wina wavundukula poto, ana n'kuyamba kukuwa. Mayi amene ankayendetsa anawatsitsa onse n'kuwaimika m'mbali mwa msewu ndi zikwama zawo, dzuwa likuswa mtengo. Makolo ena anadutsa pomwepo n'kuona ana awo ataima ngati osowa kwawo.

Pofika madzulo foni ya mayiyo inali italira mpaka kutopa. Onse ankanena chimodzi: sukulu ikutsekera sabata ino, ikamadzatsegulira galimotoyo idzakhale ili bwino, apo ayi ana adzakwera ina. Ntchito yonyamula anayi ndi imene inkadyetsa banja lonse. Ndipo amene anaononga galimotoyo anali mlongo wake wa mayiyo, bere limodzi.

Anthu ankamutchula kuti Chimphona. Makolo ake anamwalira iye akadali wamng'ono, ndipo achemwali akewa ndi amene anamulera, kumusambitsa, kumuveka, kumukokera kusukulu. Sukuluyo inamukana. Mayeso analephera mpaka aphunzitsi anasiya kumukalipira. Koma pa nkhani ya mphamvu, Mulungu anamupatsa mosaumira. Ankatsitsa matumba a simenti pa shopu ya zomangira, ndipo pakhomo chitseko chikakanika ankaitana iye, chikathyoka ankadziwa kuti wadutsapo ndi iye.

Minibasiyo inali yakale, ndipo inali itayamba kumwa madzi. Achemwali akathira m'mawa, madzulo apeza atsika. Chimphona, pofuna kubweza zabwino, anati akonza yekha. Mnzake wina anali atamuuza kuti vuto ndi gasiketi ya manifodi. Manifodi ndi chitsulo chokhala pamwamba pa injini chimene chimalowetsa mpweya, ndipo m'magalimoto ena akale mumadutsanso madzi oziziritsa injini. Pansi pake pamakhala gasiketi, kanthu kopyapyala kotseka kuti madziwo asapite kosayenera.

Anagula gasiketi yatsopano, anaipaka silikoni ngati akupaka majarini pa buledi, n'kumanga mabauti ndi mphamvu zake zonse za simenti. M'mutu mwake, mankhwala a chodontha n'kumangitsa basi. Safunsa anadya phula. Patangopita masiku ochepa ndi pamene ana aja anaima pamsewu.

Alamu ake, amuna a achemwaliwo, analankhula mosapsatira. Anati galimotoyo yatha, kumagalaja akunena zosintha injini yonse, ndipo zimenezo banja silingakwanitse, kuli bwino kuigulitsa kwa ophwasula magalimoto. Achemwali sanakalipe. Anangomuyang'ana Chimphona n'kunena motsitsa kuti, “Usaigwirenso.” Akanamutukwana bwenzi zitapepukako. Mawu amenewa anamupweteka kwambiri, ndipo tsiku limenelo bambo wamkuluyo sanadye.

Alamu anabweretsa mkulu wina wogula magalimoto akufa, kamunthu kowonda kamene anthu ankakatchula kuti a Dzimbiri chifukwa cha mtundu wa ovolosi yawo. A Dzimbiri anatsegula boneti, anayesa kumasula bauti imodzi ya manifodi, bautiyo osasuntha. Anayesanso mpaka mitsempha ya m'khosi inaoneka. Kenako anafunsa kuti wamanga pamenepa ndani.

“Ndine, bambo,” anatero Chimphona ataweramitsa mutu.

“Unkalimbana ndi ndani?”

Alamu anaseka. Chimphona sanaseke. A Dzimbiri akutuluka pageti, iye anawatsatira n'kuwapempha zinthu ziwiri: asaigule kaye galimotoyo, ndipo amuphunzitse chimene analakwitsa. Mkuluyo anamuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, n'kuona munthu woti angathe kunyamula giyabokosi yekha. Anabwerera kwa alamu n'kuwauza kuti kuyadi kwawo malo adzaza, adzaitenga holide ikamatha. Malo analipo ambirimbiri, koma bodza ngati limeneli ine sindingaliweruze.

Kuyambira pamenepo, m'mawa Chimphona ankatsitsa simenti, masana n'kupita kuyadi ya a Dzimbiri. Kumeneko kunali magalimoto osanjikizana, zitseko zoyedzamira mpanda, ndi mainjini ogona m'matayala akale. Iye ankanyamula zolemera, mkuluyo n'kumamulipira ndi nzeru.

Ankayembekeza kupatsidwa sipanala tsiku loyamba. M'malo mwake anapatsidwa katoni. A Dzimbiri anati madzi a m'galimoto sasowa okha, amakhala apita kwinakwake, ndipo makaniko amayamba wawatsata asanamasule kanthu. Akapita pansi, katoni yoyala kunsi kwa injini imakuuza. Akapita m'moto wa injini, kumbuyo kumatuluka utsi woyera wonunkhira motsekemera. Akapita mu oilo, kuseri kwa chitsekero kumakhala zinthu ngati tiyi wamkaka. Anamuphunzitsanso kupopa mpweya mu redieta, moziziritsira madzi a injini, ndi kapampu kokhala ndi geji, injini itazizira, n'kudikira kuona ngati muvi ukutsika. Za kutsegula redieta yotentha, anangomuonetsa chipsera cha pamkono pawo.

Zimenezi Chimphona anazigwira msanga, ndipo anadabwa yekha kuti mutu umene unakana masamu ukulola za injini. Chimene chinamuvuta ndi manja ake omwe.

A Dzimbiri anali ndi sipanala ina yaitali imene umaitchera kaye, ndipo bauti ikalimba mokwanira imalira kuti ka. Ikalira, umasiya. Kwa Chimphona kumeneko kunali kuseweretsana. Sipanala inkalira iye asanayambe n'komwe kutuluka thukuta, choncho ankawonjezera pang'ono kuti atsimikize. Pang'ono pa Chimphona mukukudziwa. Mabauti ankathyoka pa mainjini akufa aja, mkuluyo n'kumawatola kuponya m'chitini, ndipo chitinicho chinkalemera tsiku ndi tsiku.

Tsiku lina anathyola bauti yomaliza pa injini imene anali ataimanga bwino yonse. Anaponya nsanza pansi n'kunena kuti iye ndi wa simenti, za ukatswiri ndi za anthu ena. A Dzimbiri sanamunyengerere. Anangoti geti ndi lomwe analowera lija.

Atafika kunyumba anapeza achemwali ali m'minibasi ndi ndowa, akutsuka mipando. Galimoto yosayenda, yoti ikupita kokaphwasulidwa, iwo akuchotsa bwinobwino timadontho ta zakumwa za ana. Sanamuone. Chimphona anaima kuseri kwa nyumba mtima ukumuwawa, chifukwa anazindikira kuti munthu amene sanamutaye iye ali mwana wosamva sangatayenso galimoto mophweka. M'mawa mwake anabwerera kuyadi.

Ulendo uno a Dzimbiri anamuonetsa gasiketi ziwiri zakale, ina yomangidwa bwino, ina yofinyidwa mpaka kung'ambika m'mphepete. Anamuuza kuti chitsulo cha manifodi n'chofewa, ukamangitsa mbali imodzi mbali ina imadzuka, ndipo madzi amadutsa pomwepo. Umayambira bauti zapakati n'kumatuluka kunja mopingasa, pang'onopang'ono, kuzungulira kangapo, kuti chitsulo chikhale pansi mofanana.

“Mphamvu uli nazo, palibe akukana,” anatero. “Chimene ulibe ndi posiyira.”

Chimphona anamanga n'kumasula, kumanga n'kumasula, mpaka dzanja linaphunzira kumvera khutu. Chitini chija chinasiya kulandira alendo.

Holide itatsala pang'ono kutha, anapita kwa achemwali ali kukhitchini n'kupempha kiyi. Iwo anamukumbutsa kuti anamuletsa. Iye anavomera, n'kunena kuti akapanda kuikonza a Dzimbiri adzaitenga ndithu, ndipo chitsulo chakufa sichingafe kawiri. Achemwali anatulutsa kiyi m'thumba la epuloni n'kumuikira patebulo osamuyang'ana.

A Dzimbiri anabwera ndi zida zawo, anakhala pa kireti pamthunzi n'kupinda manja. Anati lero abwera kudzaonerera.

Chimphona sanathamangire sipanala. Anapopa mpweya mu redieta, muvi unayamba kutsika. Anayendetsa dzanja m'mapaipi onse, ouma. Redieta youma, pampu ya madzi youma. Anabwereka kagalasi ka m'chikwama cha achemwali n'kukalowetsa kuseri kwa injini kumene diso silifika, ndipo m'kagalasimo anaona kamzere konyowa kakutsetsereka kuchokera pakona ya manifodi. Chitsekero cha oilo chinali ndi tiyi wamkaka uja. Apa anaopa kuti kuwira kuja kunapsereza gasiketi yaikulu ya mutu wa injini. Anayeza mphamvu ya silinda iliyonse monga anaphunzirira, zonse zinali zofanana. Injini ya achemwali inali yamoyo.

Atachotsa manifodi, anaona ntchito ya manja ake. Gasiketi inali yophwanyika, silikoni atalowa m'njira za madzi, ndipo pakona paja chitsulo chinali ndi mng'alu wopyapyala ngati tsitsi. Atagoneka rula yachitsulo pamwamba, kuwala kunkadutsa pansi pake. Alamu, amene ankasuzumira ali chapatali, anapukusa mutu. Chimphona sanabise kanthu. Anawaitana kuti adzaone bwino, n'kuwauza kuti apa ndi pamene anaononga.

Manifodi ina anaitenga kuyadi, pa injini ya mtundu womwewo, imene anaimasula yekha n'kuiyeza ndi rula. Anatseka mabowo a injini ndi nsanza zoyera kuti zinyalala zisagweremo, n'kupala zotsalira za gasiketi yakale modekha mpaka chitsulo chinawala. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo tsiku limenelo munthu wothyola zitseko uja ankagwira chitsulo ngati akugwira dzira. Silikoni anangodontheza m'makona mokha.

Kenako inakwana nthawi ya mabauti. Anayambira pakati. Anazungulira koyamba, kachiwiri, ndipo pomaliza sipanala inalira kuti ka. Phewa lake linkamuuza kuti bautiyo ikadali yolobodoka. Thupi lonse linkafuna kuwonjezera kamodzi kokha. Anapuma, n'kuchotsa sipanala. A Dzimbiri pa kireti paja anatsokomola n'kuyang'ana kumbali, koma anthu anaona kuti akumwetulira.

Anataya oilo wosakanikirana uja n'kuthira watsopano, anasintha sefa ya oilo, anadzaza madzi oziziritsa n'kutulutsa mpweya wotsalira m'mapaipi. Atapopanso, muvi unaima nji. Anaisiya injini ikulira mpaka itatentha, katoni ili pansi, ndipo katoniyo inatuluka youma. Alamu anati zoona zake zidzaoneka pamsewu, ndipo pamenepo sanalakwe.

Sukulu itatsegulira, makolo ena anapereka ana awo, ena anati aone kaye. Chimphona anapempha kushopu kuti azifika mochedwerapo, n'kumakwera nawo m'mawa uliwonse. Ankakhala kumbuyo kwa achemwali, mawondo atapanikizika, khosi atalitalikitsa kuyang'ana geji ya kutentha, mphuno ili m'mwamba kununkhiza ngati galu wosaka. Ana ankaseka mpaka kugwetsa mabotolo. Galimoto ikangoima, iye anali atatsika kale kukasuzumira pansi. Madzi sanatsike ngakhale pang'ono, koma mantha sanamuchoke.

M'mawa wina, akudutsa pa geti la a Dzimbiri, achemwali anaimitsa minibasi.

“Tsika.”

Chimphona anasuzumira pa geji. “Yatentha, achemwali?”

“Siinatenthe. Makolo aja aimba, mawa ana onse akubwerera, ndipo iwe wekha ukudya malo a ana awiri. Tsika uzikagwira ntchito. Ndikafuna makaniko ndikuimbira.”

Anatsika. Minibasi inanyamuka, ana akumubayibitsa pawindo, ndipo iye anaiyang'ana mpaka inakhota. Kumbuyo kwake sikunatuluke utsi woyera, pamene inaima sipanatsale dontho. Munthu amene anamuuza kuti asaigwirenso anali atanyamula ana a eni ake pa ntchito ya manja ake, popanda womuperekeza. Chimphona, bambo wamkulu, analira pamsewu pomwepo, anthu akuona, ndipo sanachite manyazi.

Lero ali ndi kashedi kake pafupi ndi yadi ija, ndipo magalimoto akale omwa madzi amawalozera kwa iye. Minibasi ya achemwali ikunyamulabe ana. Alamu ndi amene amamutamanda kuposa aliyense, mwina mungaganize kuti anamuphunzitsa ndi iwo. Ine ndimamunyadira munthu ameneyu, ndipo sindibisa.

Tsono inu amene mwaononga kanthu ndipo manyazi akukuuzani kuti muthawe, imani kaye. Pitani mukaone pamene munalakwitsa ndi maso anu, funsani amene akudziwa, lolani akusekeni, bwererani mawa lake. Kulephera kamodzi sikutanthauza kuti manja anu ndi oipa, mwina sanaphunzitsidwe chabe. Musataye mtima, pemphaninso kiyi.